Amene wangoti zii ndiye ndimayamba naye

Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku chipatala chachikulu cha chigawo, Hospital Provincial de Tete, ndi mtunda woposa makilomita 200. Umatsika mapiri a ku Angónia, n'kukalowa mumsewu wa N7 pa Mussacama, kudutsa Moatize, kenako n'kuwoloka Zambezi. Munthu amene wavulala moti chipatala cha kuno sichingamuthe ayenera kupirira ulendo wonsewo, ndipo ngozi ikachitikira kumidzi ya ku Dómuè kapena ku Tsangano, muwonjezerepo msewu wafumbi, dzinja muwonjezerenso matope. Ndiye ife kuno sitingaike chikhulupiriro pa liwiro la galimoto. Moyo wa wovulala umagamulidwa pamalo a ngozi pomwepo, komanso kumbuyo kwa ambulansi m'maola amene tili panjira.

Ine ndinayamba ngati socorrista (wothandiza ovulala) wodzipereka, nditachita maphunziro a chithandizo choyamba a Cruz Vermelha (Red Cross), ndipo pambuyo pake ndinayamba kuperekeza odwala mu ambulansi limodzi ndi anamwino. Si ine dokotala, ndipo zobaya ndi zolowetsa m'mitsempha si zanga. Ndikulembera makamaka anzanga oyendetsa mota (njinga zamoto), madalaivala a chapa (maminibasi), a APE (athandizi a zaumoyo) a m'midzi ndi a makomiti a zaumoyo, chifukwa ngozi ikagwa inu ndi amene mumafika ife tisanaimbiridwe n'komwe foni.

Ndondomeko imene timatsata si yobisika. Mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi komiti ya Red Cross ya padziko lonse (ICRC) anatulutsa maphunziro otchedwa Basic Emergency Care, opangidwira malo ngati athu ano kumene zipangizo n'zoperewera. Phata lake ndi zilembo zisanu, A B C D E: njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, kutsitsimuka kwa munthuyo, kenako kumuona thupi lonse osasiya malo obisika. Ngati pali magazi otumphuka, amatsekedwa zonsezi zisanayambe. Papepala n'zophweka. Zimavuta pamene anthu akukukoka malaya, aliyense akuloza m'bale wake, ndipo iwe uli ndi manja awiri okha.

Zilembozo zisanayambe pali funso limene ambiri amalidumpha: pamalo pano ineyo nditetezeka? Aliyense wa m'chigawo chino amakumbukira za pa 17 Novembala 2016 ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, pamene galimoto ya petulo yopita ku Malawi inaphulika anthu ataizungulira ndi zigubu. Anthu oposa 70 anamwalira, enanso oposa 100 anapsa, ndipo dziko linakhuza maliro masiku atatu. Fungo la petulo likangomveka, ntchito yoyamba ndi kuthamangitsa anthu, kuzimitsa injini ndi fodya, n'kuima kumene mphepo ikuchokera. Popanda petulo, pamakhalabe msewu. Malole akuluakulu opita kumalire a Malawi ku Zóbuè ndi ku Calómuè saima msanga, makamaka potsetsereka. Nthambi zimene timaika pamsewu muziziika kutali, mbali zonse ziwiri, kona isanayambe, ndipo usiku pakhale munthu wa tochi. Galimoto yogwayo iikidwe miyala kumatayala. Manja anu muvale magolovesi, akasowa majumbo awiri amathandiza.

Ngozi imene inandikhazikitsa maganizo pa nkhani ya woyamba kumugwira inachitika nyengo yokumba mbatatesi. Lole yaing'ono inapakira matumba mpaka pamwamba, anthu n'kukhala pamatumbapo monga mwa masiku onse, ndipo pakona ina yotsetsereka inagubuduzika. Titafika, mawu omveka kwambiri anali a mayi wina amene mkono wake unathyoka m'munsi mwa chigongono, ukuchita kuoneka kupindika. Amuna awo anandithamangira.

"Achimwene, yambani ndi akazi angawa! Simukumva mmene akulirira?"

"Ndawamva, bambo. Khalani pambali pawo, muwagwirire mkonowu chonchi usagwedezeke. Ndibwera."

Sanakondwe, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma munthu amene akulira mokweza, akutchula mayina a ana ake, wandiuza kale zinthu zitatu: njira ya mpweya ndi yotsegula, mapapo akukoka, ubongo ukulandira magazi. Ululu wake ndi weniweni, koma angathe kudikira mphindi khumi.

Mungalande munali mnyamata atagona chagada akuliza mkonono. Anthu anamusiya poganiza kuti ndi mowa. Munthu wokomoka akagona chagada lilime limafooka n'kugwera kukhosi, ndipo mkonono umenewo ndi mpweya ukuvutikira podutsa. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zochepa chabe umayamba kuwonongeka. Poti anagwa kuchokera pamwamba, sindinamupendeketse mutu, kuopa khosi. Ndinagwada kumutu kwake, ndinaika zala kuseri kwa nsagwada mbali zonse ziwiri, n'kuikankhira kutsogolo. Mkonono unaleka pomwepo. M'kamwa munali magazi ndi dothi, ndipo ndinachotsa zooneka ndi maso zokha, osapisa chala mwachimbulimbuli, chifukwa ukhoza kukankhira dzino lothyoka mkati. Kenako ndinaitana ajudante (wothandiza dalaivala) wa loleyo, amene anangopalika pamapewa, n'kumuika manja pomwe panali anga.

"Mphwanga, manja ako asachoke apa ngakhale wina akuitane. Akayamba kusanza, ufuule."

Munthu wochita mantha ukamupatsa ntchito imodzi yomveka amaigwira bwino kwambiri. Chigulu cha anthu sindichiona ngati chopinga masiku ano, ndimangochigawira zochita.

Wachitatu anali agogo ena amene anadzuka okha, n'kuyenda kukakhala pa thumba la mbatatesi pansi pa mtengo. Analibe bala lililonse looneka. Anali phee, atagwira kumanzere pansi pa nthiti. Nditawagwira dzanja linali lozizira, lonyowa thukuta. Zikhatho zinali zotuwa, mkati mwa zikope moyera. Mtsempha wa padzanja unkathamanga kupitirira 120 pa mphindi, koma wofooka, wovuta kuupeza. Nditapanikiza chikhadabo n'kuchisiya, kufiira kunatenga masekondi oposa atatu kuti kubwerere. Munthu wamkulu wabwinobwino mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo amapuma kuyambira ka 12 mpaka ka 20. Agogowa ankapuma mofulumira, mosafika pansi.

"Mwananga, timadzi pang'ono chabe."

"Agogo, mundikhululukire. Ndikunyowetsani milomo yokha. Madzi mukamwa madokotala akakuonani."

Kwathu kuno kumana munthu wamkulu madzi ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo amayi ena anandiyang'ana ngati mwana wosaleredwa. Koma ludzu lotere pambuyo pa ngozi limasonyeza kuti magazi akutayikira mkati, ndipo munthuyo angafunike opaleshoni. Akamugoneka tulo m'mimba muli madzi kapena thobwa, akhoza kusanza n'kukokera masanziwo m'mapapo. Musasokoneze izi ndi wodwala kolera kapena kutsegula m'mimba: ameneyo ngati ali maso ndipo akumeza bwino, azimwa madzi a mchere ndi shuga a m'timapaketi njira yonse.

Kumanzere pansi pa nthiti kuli kapamba, ndipo kwa anthu amene tadwala malungo kambirimbiri kapamba amakhala wotupa, wosachedwa kuphulika akagundidwa. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita asanu. Akhoza kutaya lita yathunthu m'mimba akulankhulabe nanu, makina oyezera BP akusonyeza kuti zonse zili bwino, chifukwa thupi limadzigwira mpaka litatopa, kenako BP imagwa kamodzi n'kamodzi. N'chifukwa chake ndimakhulupirira dzanja lozizira ndi mtsempha wothamanga kuposa makinawo. Tinawagoneka agogowo, kuwafunditsa, ndipo iwo ndi mnyamata wa mungalande ndi amene anakwera ulendo woyamba. Usiku womwewo agogowo anachitidwa opaleshoni ya kapamba. Mayi aja tinawamanga mkono ndi makatoni opinda ndi chitenje, kuyambira pamwamba pa chigongono mpaka kuchikhatho, zala tikuzisiya panja kuti tizionera ngati zikutenthabe, ndipo anatsatira pa galimoto ina.

Ovulala akachuluka pali njira yofulumira yowasankhira. Umafuula kuti onse amene angathe kuyenda apite pansi pa mtengo wakutiwakuti. Amene atsala pansi ndiwo umayamba kuwaona mmodzimmodzi, ndipo amagawidwa m'magulu a mtundu wofiira, wachikasu ndi wobiriwira malinga ndi changu chimene akufunika. Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi msampha: agogo aja anayenda okha. Ukamaliza ogona pansi, bwerera pansi pa mtengo paja ukagwire dzanja la aliyense, makamaka amene asiya kudandaula.

Magazi otuluka kunja ndi osavuta kuwaona, ndipo ndi amene munthu wamba angapulumutsepo moyo ndi manja ake. Ngozi za mota zimatibweretsera miyendo yong'ambika pafupifupi sabata iliyonse. Tengani nsalu yoyera, ipindeni, ikani pabalapo n'kupanikiza ndi mphamvu zenizeni, kulemera kwa thupi lanu kuli pamikono, kwa mphindi khumi osasuzumira. Nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba. Bala likakhala lakuya, nsaluyo ilowe mkati mwa balalo mpaka litadzaza, kenako mupanikize. Dothi, phulusa, fodya, khofi, mafuta a mabuleki, zonsezi ndaziona m'mabala, ndipo ntchito yake ndi kubweretsa mafinya ndi kafumbata basi. Chitsulo kapena mtengo ukalowa m'thupi sitizula, timauchirikiza ndi nsalu mbali zonse kuti usagwedezeke.

Magazi a pamkono kapena pamwendo akamatumphuka osamva kupanikiza, kapena chiwalo chikaduka, timamanga pamwamba pa balalo kuti magazi asapitenso kumeneko. Chitenje chipindidwe chikhale chotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, chizungulire masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pachigongono. Mangani mfundo, ikanipo kamtengo kolimba kapena sipanala, mangani mfundo ina, n'kupotokola monga momwe timakungira chingwe cha katundu pangolo, mpaka magazi ataleka. Zimapweteka kwambiri, munthuyo adzakutukwanani, koma musamasule. Waya, chingwe cha nayiloni ndi mphira wa tayala ya njinga zimadula mnofu ndi mitsempha. Chomanga moyerekeza n'choipa kuposa kusamanga, chifukwa chimatseka magazi obwerera okha n'kuchititsa kuti bala lizitaya kwambiri. Lembani nthawi imene mwamangira pa pulasitala kapena pakhungu pompo. Pakadutsa maola awiri chiwalo chimayamba kuwonongeka, ndipo ulendo wathu wa ku Tete umapitirira pamenepo. Choncho pa chipatala choyamba chimene mwafika auzeni anamwino za chomangacho, iwo ndi amene angaone ngati n'zotheka kuchisintha ndi bandeji yothina.

Pa kulumidwa ndi njoka zimenezi sizigwira ntchito. Osamanga mothina, osatema mphini, osayamwa. Chotsani mphete ndi zibangili, chiwalocho chikhale chosagwedezeka, munthuyo anyamulidwe osati kuyendetsedwa.

Kumene anthu a mtima wabwino amavulaza anzawo kwambiri ndi ponyamula. Wina agwira mikono, wina miyendo, mutu ukulendewera, n'kumuponya kumbuyo kwa galimoto. Munthu amene wagwa pa lole, wagundidwa kapena wagwa pa mota, makamaka ngati akumva kuwawa khosi kapena msana, miyendo yachita dzanzi, kapena sakuyankha bwino, timamutenga ngati wathyoka msana mpaka madokotala atanena kuti ayi. Mmodzi agwire mutu ulunjike ndi thupi, ndipo iyeyo ndi amene amawerenga. Ena atatu amutembenuze pamodzi, mapewa, chiuno ndi miyendo zikuyendera limodzi, n'kulowetsa chitseko kapena thabwa lalikulu. Mbali mwa mutu muike zitenje zopinda. Chisoti cha pa mota ngati munthu akupuma bwino ndipo nkhope ikuoneka, chisiyeni. Akamasanza kapena kupuma kukavuta, chichotsedwe ndi anthu awiri, wina atagwira khosi ndi nsagwada kuchokera pansi, wina akuchikoka pang'onopang'ono.

Wodandaula m'chiuno musamugwedeze pofuna kumva ngati fupa lathyoka. Mafupa a m'chiuno akathyoka amataya magazi ochuluka mkati, ndipo fupa la ntchafu lokha likhoza kutaya lita kapena kuposerapo. Chitenje chizungulire chiuno pa mafupa otuluka a m'mbali, pomwe miyendo imayambira, chimangidwe zolimba, mapazi amangidwe pamodzi. Chitenje ndi chipangizo chimene sichinasowepo pa ngozi iliyonse imene ndafikapo, amayi amavula chapamwamba osafunsidwa kawiri.

Wopsa ndi moto amuthire madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, madzi a pa mjigo ali bwino, koma osati ayezi. Mazira, ufa, mankhwala otsukira mano, mafuta, ayi. Nsalu yomatirira pakhungu musaisende, matuza musawaboole. Chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a khungu lake, ndipo mukayerekeza kuti papsa zikhatho zingati mumathandiza anamwino kudziwa madzi a dripi amene afunike. Amene wapsa nkhope, tsitsi la m'mphuno lawauka, mawu asasa, ameneyo khosi lake likhoza kutupa n'kutseka panjira. Ali m'gulu lofiira lija, la ofunika changu kwambiri, ngakhale akuyenda yekha.

Nthawi ndimailemba paliponse, ndipo anzanga amandiseka nazo. Nthawi imene ngozi yachitika, imene tafika, imene tamanga, imene munthu wasiya kuyankha. Chifukwa chimodzi ndi mankhwala otchedwa tranexamic acid, amene amathandiza magazi kuundana kwa wovulala kwambiri ndi kwa mayi amene akutaya magazi atabereka. Amathandiza akaperekedwa pasanathe maola atatu, pambuyo pake phindu lake palibe. Dokotala akafunsa kuti zachitika nthawi yanji, yankho loti "dzuwa lili apa" silimuthandiza kusankha.

Kumbuyo kwa ambulansi ntchito ndi kubwereza zilembo zija osatopa. Wodwala kwambiri timamuona mphindi zisanu zilizonse, amene ali bwinoko mphindi 15. Kodi ali maso? Ngati ayi, akuyankha ndikamuitana? Ngati ayi, akugwedezeka ndikamutsina chikhadabo? Kapena palibe chilichonse? Munthu wovulala mutu amene pa Mussacama amandiuza dzina la mudzi wake, pofika ku Moatize akungobuula, wasintha, ndipo kusintha kumeneko n'kofunika kwa madokotala kuposa mmene anayambira. Timayang'ananso timadontho takuda ta m'maso ndi tochi, ngati kamodzi kakula kuposa kanzake. Chifuwa chizikwera mbali zonse mofanana. Mabandeji tizionanso, ndiponso pansi pa wodwalayo, chifukwa magazi amatsikira kumsana n'kubisala m'bulangete.

Kuzizira ndi mdani amene anthu samuganizira. Kuno ku Angónia usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, ndipo magazi a munthu wozizidwa saundana bwino. Zovala zonyowa zichoke, bulangete likhale pansi ndi pamwamba. Ngakhale titatsikira ku chigwa cha Zambezi kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, wotaya magazi timamufunditsabe, ife tikutuluka thukuta.

Ndi dalaivala timagwirizana tisananyamuke. Liwiro la pa mabampu ndi m'maenje limagwedeza mafupa othyoka, limazula dripi, limachititsa wodwala kusanza. Ndikagogoda kawiri, aime. Wodwala womangidwa pathabwa akayamba kusanza timapendeketsa thabwa lonselo, osati mutu wokha. Wokomoka amene sanavulale khosi, monga wa shuga kapena woledzera, amayenda atagona chammbali. Mayi woyembekezera mimba yaikulu agone chakumanzere, chifukwa akagona chagada chiberekero chimapanikiza mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima.

Maulendo ambiri a usiku si a ngozi za pamsewu, ndi a uchembere, ndipo kumenekonso chete ndiye woopsa. Mayi akabereka, maso onse amapita kwa khanda, iye n'kungogona mwakachetechete, achibale n'kumati watopa, msiyeni apume. Tinaitanidwapo kumudzi wina kumene mayi anaberekera pakhomo mvula itatseka njira. Apongozi ake anandilandira pakhomo.

"Mwana ali bwino, bambo. Amake akungogona."

"Amayi, zitenje zimene anagonera zili kuti? Ndizione zonse, ngakhale zimene mwachotsa."

Zinali zitaunjikidwa kuseri kwa chitseko, zonyowa. Kutaya magazi opitirira theka la lita pambuyo pobereka ndi ngozi kale, ndipo chifukwa chofala kwambiri ndi chiberekero chimene sichinakhwimitse. Namwino amene ndinali naye anaika dzanja pamimba m'munsi mwa mchombo, n'kuyamba kutikita mwamphamvu mozungulira mpaka chiberekero chitalimba, anabaya mankhwala okhwimitsa chiberekero otchedwa oxytocin n'kuika dripi. Ine ndinaika khanda kubere, chifukwa kuyamwa kumathandiza chiberekero kukhwimitsa, ndipo panjira tinkasinthana kutikitako chikangoyamba kufewa. Nsengwa ikachedwa kutuluka musakoke mchombo. Ikatuluka itengeni m'jumbo, azamba akaone ngati yatuluka yonse. Zitenje zonyowazo nazonso zipite, chifukwa ndi umboni wa magazi amene atayika. Pa nkhani ngati iyi, ine monga mwamuna ndimapempha kaye chilolezo kwa mayiyo ndi akuluakulu a m'nyumbamo, ndipo mayi mnzake azikhalapo nthawi yonse. Nyumba zodikirira uchembere zimene zili pa zipatala zambiri zinamangidwira mavuto ngati amenewa, ndipo ndimakangana ndi amuna amene amakaniza akazi awo kupitako poti kumunda kuli ntchito.

Mwana wa malungo aakulu akakomoka n'kumaphupha, mugonekeni chammbali pamalo ofewa. Supuni m'kamwa ayi, utsi ayi, kumuwotcha mapazi ayi, kumumwetsa kalikonse ayi. Yang'anani nthawi: kukapitirira mphindi zisanu ndi ngozi yaikulu. A APE amene ali ndi mankhwala a malungo otchedwa artesunate oika kumbuyo amamupatsa mwana wosafika zaka 6 kuti apirire panjira, koma amenewo si mankhwala omaliza. Mwana akatsitsimuka makolo asabwerere kunyumba, ulendo upitirire.

Mvula zoyamba zimabwera ndi mphenzi, ndipo anthu amaopa kugwira woombedwa. Thupi lake silisunga magetsi. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma, kapena akungobefuka patalipatali, yambani kupanikiza pakati pa chifuwa: manja awiri, kulowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, mukapanikiza ka 30 mumuuzire mpweya kawiri. Ndinene zoona, kwa munthu amene mtima waima chifukwa chotaya magazi pa ngozi ya pamsewu, kutali ndi chipatala, njirayi kawirikawiri siibweza moyo. Koma kwa woombedwa ndi mphenzi ndi womira m'madzi, mwayi ulipo ndithu, ndipo pamenepo musagwe ulesi msanga.

Tisanafike timaimba foni ku banco de socorros, kumene chipatala chimalandirira odwala mwadzidzidzi, kuti akonzeke, makamaka ngati pafunika magazi kapena opaleshoni. Pofika, guia de transferência (kalata yotumizira wodwala) ili m'manja, ndimalankhula mwachidule ndiponso mwa ndondomeko: bambo wa zaka za m'ma 60, wagwa pa lole nthawi ya 14:20, akumva kuwawa kumanzere kwa mimba, mtima unali 120 tsopano 135, ali maso koma akufooka, sanamwe kanthu chichitikire ngozi, amamwa mankhwala a BP. Mbiri yotere ndimaitolera panjira kwa wodwala akadali kulankhula kapena kwa womuperekeza: mankhwala amene amamwa, amene amamuwenga, matenda amene ali nawo, nthawi imene anadya komaliza. Funsaninso mwaulemu za mankhwala achikuda. Mukafunsa mokalipa adzakana, ndipo dokotala adzagwira ntchito mumdima. Sindichoka mpaka wina atanena kuti wamulandira. Achibale ndimawauziratu panjira kuti akhoza kupemphedwa kupereka magazi, kuti aimbirane foni nthawi ikadalipo.

Za mafoni ndili nazo mawu. Munthu ali gone pamsewu, zovala tazidula kuti tione mabala, wina akujambula kuti atumize pa WhatsApp, ndipo mayi wake wa munthuyo amva za ngozi kudzera pa chithunzi. Ndimapempha amayi awiri kapena atatu kuti atambasule zitenje atchinge, ndipo anyakwawa akakhalapo ndimawapempha kuti alankhule, poti mawu awo amamveka kuposa anga. Ndalama, foni ndi mapepala a wovulala ziwerengedwe pamaso pa mboni n'kuperekedwa kwa wachibale kapena apolisi. Munthu amene ali maso amauzidwa chimene ukufuna kuchita usanamugwire, ndipo akakana kukwera ambulansi sitimumanga, timamufotokozera zoopsa zake pali achibale.

Wodwala akatsika ntchito imakhala isanathe. Machira, pansi ndi zogwirira zonse zimatsukidwa. Pa magazi timagwiritsa ntchito mankhwala oyeretsera zovala a klorini: ngati botolo lalembedwa 5%, kapu imodzi ya mankhwala pa makapu 9 a madzi, n'kusiya kwa mphindi khumi musanapukute. Masingano apite m'bokosi lake osabwezeretsa chivindikiro. Mukabayidwa ndi singano yogwiritsidwa ntchito, kapena magazi akakugwerani m'maso, m'kamwa kapena pachilonda, tsukani ndi madzi ambiri pomwepo, pakhungu ndi sopo, osafinya. Kenako kanenani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, amagwira bwino mukayamba m'maola oyambirira, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Izi zikukhudzanso wa mota amene wanyamula wovulala ndi manja osavala kanthu ali ndi zilonda m'zala. Zikakuchitikirani Lachisanu usiku musadikire Lolemba, ku banco de socorros amatsegula usiku ndi usana.